Martha Ballard, mzamba wa ku Maine amene analemba yekha za moyo wake

Mayi wina wanditumizira imelo. Agogo awo aakazi anali mzamba, ndipo pofufuza mbiri ya banja lawo apeza kuti m'mapepala akale muli mayina a amuna okhaokha. Akufunsa ngati ku America kulinso vuto lomweli, komanso ngati kuli mkazi wamba wakalekale amene moyo wake ukudziwika bwino.

Mayi, vutoli liliko, ndipo nkhani ya Martha Ballard ikulionetsa poyera. Anabadwa mu 1735 ku Oxford m'chigawo cha Massachusetts, bambo ake anali Elijah Moore, ndipo mu 1754 anakwatiwa ndi Ephraim Ballard, amene ankayendetsa chigayo komanso kuyeza malo. Anabereka ana asanu ndi anayi, koma atatu anamwalira mu 1769 pa mliri wa matenda a pakhosi otchedwa diphtheria. Mu 1777 banjali linakakhazikika ku Hallowell, m'mbali mwa mtsinje wa Kennebec ku Maine, dera limene panthawiyo linali pansi pa Massachusetts. M'zikalata za boma dzina la Ephraim limapezeka kawirikawiri, pomwe la mkazi wake ndi losowa, ngakhale kuti mabanja ambiri a m'deralo ankadalira iyeyo.

Timamudziwa chifukwa pa 1 Januwale 1785 anayamba kulemba m'kabuku zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo sanaleke mpaka mu Meyi 1812, atatsala pang'ono kumwalira. M'zaka 27 zimenezi anachiritsa amayi pa ubereki 816. Sankakometsera mawu. Ankalemba za nyengo, za nyemba ndi kabichi za m'dimba lake, za nsalu zimene ana ake aakazi ankawomba, za amene wabwera kudzamuitana usiku, ndiponso za malipiro, amene nthawi zambiri anali mashiling'i asanu ndi limodzi kapena katundu wapakhomo. Kuti akafike kwa mayi wodwala ankawoloka Kennebec pabwato, ndipo m'nyengo yozizira ankayenda pamwamba pa madzi oundana, kumene kunali kuika moyo pachiswe.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene zinamuchitikira atakalamba. Mu 1804 Ephraim, amene anali wokhometsa msonkho, anatsekeredwa m'ndende kwa nthawi yoposa chaka chifukwa ndalama zimene anasonkhanitsa sizinakwane. Mwana wawo Jonathan analowa m'nyumbamo ndi banja lake, ndipo Martha anatsala ndi chipinda chimodzi, akudandaula za kusowa nkhuni m'nyengo yachisanu. Zikalata za khoti zikhoza kukuuzani kuti mwamunayo anamangidwa, koma mavuto a mkazi amene anatsala pakhomo amapezeka m'kabuku kake mokha.

Pa nkhani ya agogo anu, ine ndinganene kuti musatope ndi maofesi okha. Pitani kwa azakhali ndi kwa amayi amene agogowo anawachiritsa, ndipo mufunse ngati pali kope, kalata kapena Baibulo lolembedwa mayina, chifukwa zinthu zotere zimakonda kusungidwa ndi ana aakazi.

Ndi mmenenso zinayendera kwa Martha. Zolemba zake zinadutsa m'manja mwa akazi a m'banjamo mpaka mu 1884 pamene zinafika kwa Mary Hobart, mwana wa mdzukulutuvi wake amene anali dokotala, ndipo iye anazipereka ku Maine State Library mu 1930. Olemba mbiri ena anazipeputsa ponena kuti ndi nkhani zapakhomo chabe, mpaka wolemba mbiri Laurel Thatcher Ulrich anaziwerenga mofatsa n'kutulutsa buku la A Midwife's Tale mu 1990, limene linapata mphoto ya Pulitzer, yotchuka pakati pa olemba ku America, mu 1991. M'banja lomweli munachokeranso Clara Barton, amene anayambitsa American Red Cross mu 1881, pakuti agogo ake aakazi, Dorothy, anali m'bale wake wa Martha wa bere limodzi.