Funsani za Kukhitchini: Mkute, Nyemba Zadzulo ndi Zina Zomwe Timataya Kudzala

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za chakudya chotsala. Nkhaniyi si ya anthu olemera okha ayi: lipoti la 2024 la nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe linapeza kuti mwa chakudya chomwe chinatayidwa padziko lonse mu 2022, magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo momwemu. Tasankhapo mafunso 6.

FUNSO: Pakhomo pathu tilipo 6. Pafupifupi usiku uliwonse pamatsala mitanda iwiri ya nsima, koma ana amakana mkute. Ndimangopatsa galu. Ndingatani nayo? (Mayi wa ku Ndirande, Blantyre)

YANKHO: Mayi, tiyambe taona kukula kwa zomwe zikutayikazo. Tiyerekeze kuti mtanda umodzi wadya ufa wa magalamu 75. Iwiri ndi magalamu 150 patsiku, makilogalamu 4.5 pamwezi, ndipo chaka chikamatha ufawo wapitirira makilogalamu 50. Ndi thumba lathunthu limenelo, tisanawerengere ndalama ya kuchigayo ndi makala.

Mkute wabwino umayamba poomola. Nsima yomwe anthu atemako ndi manja, yakhudzana ndi msuzi, imeneyo ndi makombo, ndipo siichedwa kusasa chifukwa manja ndi msuziwo zasiyamo tizilombo. Choncho ikani patebulo mitanda yokwanira, ina ikhale m'mbale yapadera, ndipo wofuna kuwonjezera atengeko ndi chipande. Yotsalayo musaigoneke mu food warmer. M'menemo imakhala yofunda usiku wonse, nthunzi n'kumagwera pamwamba pake, m'mawa mupeza yayamba kunanda. Isiyeni izizire itavundikiridwa ndi lichero kapena kansalu koyera, kenako muivundikire bwino. M'firiji itha masiku 2. Popanda firiji, idyedwe m'mawa mwake, ndipo idutse kaye pamoto.

Njira yachidule ndi phala. Inyenyeni m'madzi ozizira mpaka isalale musanaiike pamoto, chifukwa mukaiponya m'madzi owira mibulu siyitha. Iwire mphindi 10, muthire nsinjiro masupuni 2 aakulu, kamchere ndi shuga. Mukhozanso kuidula zidutswa zokhuthala ngati chala n'kuiotcha pawaya pambaula, kapena kuikazinga m'mafuta pang'ono mpaka ifiire mbali zonse. Ana ambiri okana mkute wozizira amadya umenewu ndi tiyi, ndipo tsiku limenelo simugula buledi. Ena amaibweza mu nsima yatsopano: amainyenyera m'madzi a phala loyamba lija, liwire bwinobwino, kenako n'kuthira ufa wocheperako kusiyana ndi masiku onse.

Koma ife tikanasankha thobwa, chifukwa limalandira mkute wambiri nthawi imodzi. Pa mitanda 4, thirani madzi malita 3 muphike phala lamadzimadzi. Lichotseni pamoto lizizire mpaka chala choyera chizitha kupiriramo kwa kanthawi, ndipo pamenepo muthire kapu imodzi ya ufa wa chimera, cha mawere kapena cha mapira, n'kutakasa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Chimera ndicho chimasandutsa phala kukhala lotsekemera ndi losungunuka, koma mphamvu yake imafa chikathiridwa m'phala lotentha kwambiri, ndipo thobwa lake limakhala lokhuthala, lozizira mkamwa. Vundikirani ligone usiku, m'mawa muliwiritsenso mphindi 15 kapena 20. Mukalisiya masiku angapo limapitiriza kusasa mpaka kuyamba ukali wa mowa, ndiye phikani lokwana kumwa masiku 2.

FUNSO: Ndilibe firiji. Nyemba zimatha makala, choncho ndimaphika zambiri kuti zifike masiku atatu, koma zimasasa tsiku lachiwiri lisanathe. (Bambo wa ku Nchalo, Chikwawa)

YANKHO: Bambo, tinene mosabisa: kuchigwa cha Shire, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nyemba zophika sizingathe masiku atatu popanda firiji. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, n'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola 2.

Popeza vuto lanu lenileni ndi makala, lithetseni nyemba zisanapse. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12, mutaye madziwo n'kuthira ena. Nyemba zonyikidwa zimapsa msanga kwambiri kusiyana ndi zouma. Kenako ziwiritseni mwamphamvu mphindi 20, chotsani poto pamoto chivundikiro chili chotseka, muikulunge m'mabulangete akale n'kuiika m'dengu kwa maola 3 kapena 4. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komweko, n'kungofuna kuwiritsanso pang'ono pokazinga. Mphindi zoyamba zowira mwamphamvu zija musazidule, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zosawira mokwanira zimapweteka m'mimba. Mukatero mukhoza kuphika za tsiku limodzi makala osakupwetekani.

Zikatsala madzulo, ziwiritseni poto yonse ibwate mphindi 10, muvundikire, ndipo aliyense asatsegulemo kapena kupisamo supuni. M'mawa ziwirenso ndipo zidyedwe zithe. Usiku umodzi basi, ndipo dziwani kuti ngakhale umenewo ukupitirira maola 2 aja, choncho chiopsezo sichitheratu. Zikafewa kwambiri zinyenyeni ndi mthiko ngati chipere, zimakoma ndi mbatata kapena chinangwa. Mukaona thovu pamwamba, msuzi wonanda kapena fungo losasa, tayani. Soda amene ena amathira amangobisa kusasako, chakudyacho chimakhala chowonongekabe.

FUNSO: Anzanga akuti mpunga wadzulo ndi woopsa. Zoona zimenezi? Ine ndimautenthetsa bwinobwino. (Wophunzira wa ku Zomba)

YANKHO: Anzanuwo akunena zoona, ndipo kutenthetsa pakokha sikukutetezani. Mu mpunga wosaphika mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, komwe njere zake sizifa pophika. Mpunga ukakhala wofunda kwa maola ambiri, kachilomboko kamaswana n'kutulutsa poizoni yemwe moto suumupha. Munthu amayamba kusanza pakangopita ola limodzi mpaka maola 5 atadya.

Chofunika ndi kuuziziritsa msanga. Uchotseni m'poto, muuyale mopyapyala m'mbale yotakata, ulowe m'firiji ola limodzi lisanathe. Udyedwe tsiku lotsatira, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha. Mpunga wozizira wotere ndiwo umakazingika bwino chifukwa ndi wouma: pa makapu 2, kazingani anyezi mmodzi m'mafuta masupuni 2, swerani mazira 2, ponyanimo mpungawo mutaumwaza ndi foloko, pamodzi ndi kabichi kapena tizidutswa ta nyama totsala. Takasani pamoto waukulu mphindi 5 mpaka nthunzi izituluka paliponse. Ngati kuhositelo kulibe firiji, yezani pophika. Kapu imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira akuluakulu awiri.

FUNSO: Firiji ndili nayo, koma magetsi akazima ndimasowa mtengo wogwira. Nditaye zonse? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Ayi, Mayi. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Firiza yodzaza imafika maola 48, ya theka maola 24. Choncho mipata ya mufiriza muidzaze ndi mabotolo a madzi. Magetsi akazima, samutsirani mabotolo awiri kapena atatu a madzi oundanawo m'firiji pafupi ndi ndiwo zophika, mutseke chitseko ndipo muwauze ana asamatsegule. Maola 4 akamakwana magetsi asanayake, tulutsani nyama ndi nsomba zophika, muziwiritse ndi kudya tsiku lomwelo.

Masiku ena onse, sungani zotsala m'tizikontena tating'ono tosazama, osati m'poto yaikulu, chifukwa pakati pa poto pamachedwa kuzizira. Zikhale pashelefu ya pamwamba, kutsogolo komwe maso amafika, nyama yaiwisi pansi kuti isadonthezere. Zikafika masiku 3 zisanadyedwe, zachedwa.

FUNSO: Ndimagula tomato, masamba ndi nthochi zambiri tsiku la msika chifukwa zimatchipa, koma theka limaola. (Wowerenga wa ku Ntcheu)

YANKHO: Zotchipa zikaola zimakhala zadula. Tsiku lomwe mwagulalo, sankhulani. Tomato wofewa ndi wong'ambika asiyane ndi wolimba, chifukwa mmodzi woola amaoletsa anzake. Wofewayo mudule, muphike ndi kamchere ndi mafuta supuni imodzi mpaka madzi aphwe atsale wokhuthala. M'firiji amatha masiku 4, mufiriza miyezi ingapo. Nthochi zakupsa musaziike pamodzi ndi tomato kapena masamba, zimatulutsa mpweya womwe umapsetsa ndi kufotetsa zinzake msanga.

Masamba ochuluka afutseni. Nkhwani, khwanya ndi chitambe zimafutsika bwino: ziviikeni m'madzi owira a mchere pang'ono mphindi 2 kapena 3, tsanulani madzi, yanikani mopyapyala pathandala kapena pamphasa yoyera pamalo opita mphepo. Mfutso wauma ukamathetheka m'manja. Mukausunga usanaumitsitse umachita nkhungu m'kati, kaya mwaumanga m'chikwatu kaya m'botolo. Dziwani kuti masamba otendera sagona, nsinjiro zimasasa msanga, choncho tenderani okwana chakudya chimodzi.

Nthochi zakuda makoko ndizo zabwino pa zitumbuwa. Nyenyani 4, muthire mgaiwa kapu imodzi ndi theka ndi kamchere, muumbe timipira tophwatalala. Yesani mafuta ndi kachidutswa: kakayamba kuthetheka n'kuyandama, mafuta apsa. Mafuta ozizira amalowerera m'chitumbuwa, otenthetsa amapsereza kunja m'kati muli mwauwisi, ndipo ufa ukachuluka zimalimba.

FUNSO: Buledi kapena mtedza zikachita nkhungu, sindingangochotsa pomwe paonongekapo? Nanga kupatsa nkhuku? (Agogo a ku Mchinji)

YANKHO: Agogo, apa pokha tikupemphani kuti mutaye ndithu. Nkhungu ya pa buledi imakhala italowerera m'kati kupitirira pomwe maso akuona. Buledi wongouma koma wopanda nkhungu ndiye wabwinobwino: muviikeni m'dzira losakaniza ndi mkaka pang'ono n'kukazinga, kapena muumitseni pamoto n'kumusinja kuti muzipaka nsomba pokazinga.

Chuku cha pa mtedza ndi chimanga n'choopsa kwambiri. Chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo kukazinga, kuwiritsa kapena kusinja sikumuchotsa. Musasinjire nsinjiro mtedza wofota, wakuda kapena wowawa poganiza kuti ukasakanikirana ndi wabwino zitha. Ziweto nazo zimadwala nacho: nkhuku zimachepetsa kuikira, ndipo ng'ombe ikadya, poizoniyo amafika mu mkaka. Nkhuku zipatseni makombo a tsiku lomwelo, nkhoko zonyikidwa ndi misinde ya masamba. Zachuku zikwirireni m'dzenje lakuya komwe ana, nkhuku ndi mbuzi sizingafukule.