Nthochi zakuda zija musataye, tiphikire mamafini

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti anagula nthochi zambiri pamsika, zina zapsa mpaka makoko kuda, ndipo ayesa kawiri kuphika mamafini a nthochi ndi mtedza potsatira zomwe anaona pa intaneti. Ulendo woyamba timakeke tinatuluka tolemera, tonyowa m'kati ngati sitinapse. Wachiwiri tinafufuma ndithu koma tinkawawa ngati sopo. Akufunsanso ngati nthochi zakudazo sizingadwalitse ana, ngati mtedza wathuwu ungalowe m'malo mwa walnut (mtedza wakunja wobereka mumtengo), ndiponso chochita magetsi akathima.

Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi nthochizo, chifukwa pamenepo simunalakwitse chilichonse. Nthochi yosapsa imakhala yodzaza ndi sitachi, n'chifukwa chake imakhala yolimba ndi yosatsekemera. Ikamapsa, sitachiyo amasanduka shuga, mnofu umafewa, fungo limakula. Ikafika poti khoko lachita mawanga akuda thupi lonse, kapena lada lonse, ndiye yafika pamene wophika amaifunira. Imabweretsa yokha shuga, chinyezi ndi fungo, zinthu zomwe mukanagula kusitolo. Yoti mutaye ndi yokhayo yomwe yachita chuku, ikutuluka madzi onunkha, kapena mukaisenda mukupeza mphutsi. Ikamveka kafungo ka mowa pang'ono koma mnofu uli woyera kapena wofiirira, phikirani basi. Ine ndimakonda kabuthu chifukwa imaphwanyika mosavuta. Sukali imatsekemera kwambiri koma ndi yaing'ono, ndiye pamafunika zisanu kapena zisanu ndi imodzi pomwe zikuluzikulu zikanakwana zitatu.

Ndiponso masiku ano kutaya nthochi kumapweteka mtima. Chichokereni pomwe matenda a chisaka anasakaza minda ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, nthochi zambiri zomwe timagula m'matauni zimachokera ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo mtengo wake mukuudziwa nokha.

Tsopano za timakeke tolemera tija. Sindinaone mmene munaphikira, koma ndikukayikira dzanja lanu, pepani. Ife tonse tinakula tikuvundula nsima, ndipo tinaphunzitsidwa kuti mibulu ndi manyazi a mkazi. Ukaona kachibulu m'mbale, mthiko umayenda wokha mpaka zonse zisalale. Pa nsima n'zoona, poti ufa wachimanga ulibe gluteni, kanthu kamene kamachititsa ufa wonyowa kumatana ndi kutambasuka. Fulawa wa tirigu ali naye. Akangokumana ndi madzi n'kumatakasidwa, gluteni amatambasuka ngati mpira, ndipo m'pamene chinthu chimalimba. Pa buledi ndi mandasi timachita kukanda dala kuti zimenezi zichitike. Pa mamafini sitikuzifuna n'komwe. Mukathira zouma m'zamadzi, tembenuzani ndi supuni maulendo khumi kapena khumi ndi asanu, mungoti fulawa wasiya kuoneka woyera, lekani pomwepo. Mibulu ikhalepo, ikasungunuka yokha pamoto. Ndikudziwa kuti mtima umakana, inenso ndinatenga nthawi kuti ndizolowere kusiya mbale ikuoneka ngati ntchito ya mwana.

China chimene chimalemeretsa ndi kuchulutsa nthochi. Poti zilipo zambiri ndipo zikuonongeka, munthu umafuna kuthira zonse. Fulawa sangathe kunyamula madzi onsewo, ndiye kunja kumapsa m'kati muli phala. Zotsalazo zisendeni, muziike m'pepala lapulasitiki mufiriji yozizira kwambiri ija. Zimakhala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo tsiku lophika muzithira pamodzi ndi madzi omwe zatulutsa posungunuka.

Kuwawa kwa sopo kuja ndi soda, palibenso china. Soda amafufumitsa pokhapokha akakumana ndi chinthu chowawasa. Pamenepo amatulutsa mpweya womwe umakweza keke. Mukathira wambiri kuposa chowawasa chomwe chilipo, wotsalayo amakhala chikhalire, ndiye amene mukumumva pa lilime. Supuni yaing'ono imodzi, yosalaza pamwamba osati yamulu, ikukwanira makapu awiri a fulawa. Ndipo mnzake wa soda tili naye kale kuno: chambiko. Chambiko chikasowa, finyirani ndimu pang'ono mu mkaka wamba, mudikire mphindi khumi. Ngati muli ndi baking powder m'malo mwa soda, iye amabwera ndi chowawasa chake kale, thirani masupuni aang'ono awiri ndipo mkaka wamba ungachite.

Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito pa mamafini 12 ndi uwu. M'mbale imodzi phwanyani ndi foloko nthochi zikuluzikulu zitatu, zikwane kapu imodzi ndi theka. Thiranimo mazira awiri, shuga theka la kapu, mafuta ophikira 80ml, ndi chambiko masupuni aakulu anayi. M'mbale ina sefani fulawa makapu awiri, pafupifupi magalamu 250, pamodzi ndi soda supuni yaing'ono imodzi ndi mchere theka la supuni yomweyo. Sinamoni ngati alipo, kadontho chabe. Shuga wabulauni uja timagula tsiku ndi tsikuyu ndi wabwino kuposa woyera pa ntchito imeneyi, ndipo nthochi zikakhala zakuda kwambiri mukhoza kumuchepetsa osadandaula. Mafuta ndimawakonda kuposa majarini chifukwa keke imakhala yofewa mpaka mawa lake.

Za walnut iwalani. Olemba maphikidwe ku America amamutchula chifukwa ndiye wopezeka kwawo. Kuno mukampeza m'masitolo akuluakulu okha, kapaketi kakang'ono pa mtengo wa nkhuku. Mtedza wathu umachita bwino kwambiri, bola muukonze. Usankheni kaye, mutaye wofota, wobooka ndi wachuku, chifukwa poizoni wa aflatoxin yemwe amakhala mu mtedza wotere satha ndi moto. Ukazingeni mpaka ununkhire, muupukuse, mupete makoko, kenako muuphwanye pang'ono mu mtondo kapena ndi botolo. Musausinje kufika pa nsinjiro, tikufuna zidutswa zoti dzino lizizimva. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu uja, amakoma kwambiri apa, koma CG7 nayenso alibe vuto. Theka la kapu lilowe m'kati pomaliza, kenako muwaze wina pamwamba. Mukakhala ndi wachibale ku Thyolo wokhoza kukupatsani makademiya, ndiye mwachita mwayi, koma ine sindingagule dala. Kwa ana osakwana zaka zisanu, zidutswa za mtedza zikhoza kuwatsamwa, ndiye awo apatulireni timakeke tawo ta nsinjiro yosalala kapena topanda mtedza.

Uvuni muuyatse msanga, ufike madigiri 190 a Celsius musanasakanize zouma ndi zamadzi, chifukwa soda akangonyowa wayamba kale ntchito ndipo sadikira munthu. Pakani mafuta m'zibowo za thireyi, mudzaze magawo atatu mwa anayi, muphike mphindi 18 mpaka 22. Musatsegule chitseko mphindi 15 zoyamba. Bayani kamtengo pakati pa keke imodzi. Kakatuluka kouma, kapena ndi tinyenyeswa tochepa, zapsa.

Magetsi akathima, chitani momwe agogo ankaphikira chigumu. Tengani poto wamkulu, muthire mchenga wouma pansi kuya kwa zala ziwiri, muuike pa mbaula mphindi khumi utenthe. Makapu achitsulo opaka mafuta alowa m'malo mwa thireyi; akhazikeni pa mchengawo osagundana. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena kachidutswa ka lata, muike makala oyaka pamwamba. Cholakwika chomwe ambiri timachita ndi kusiya moto waukulu pansi. Phulani makala ambiri m'mbaula muwakweze pamwamba, pansi patsale ochepa, apo ayi mudzapeza pansi papserera pamwamba pali poyera. Zimatenga nthawi yotalikirapo, pafupifupi theka la ola, ndipo ulendo woyamba mudzatayako kamodzi kapena tiwiri pophunzira moto wa mbaula yanu.

Mukaphula, dikirani mphindi zisanu, muwatulutse m'makapumo azizirire panja, chifukwa akakhalitsa m'kati amachita thukuta pansi n'kunyowa. Mamafini a nthochi ali ndi chinyezi chambiri, choncho nyengo yotentha ngati ya Okutobala asapitirire masiku awiri m'chidebe, pokhapokha ali mufiriji. Kwathu kuno sanafikepo tsiku lachiwiri. Mukayesa, mundilembere mmene zayendera, makamaka ngati dzanja lavomera kusiya mibulu ija.