Wolakwa ndani, okondanawo kapena makolo?

Pa za filimu ya okondana amene makolo akutsutsa chikondi chawo, mwafunsa chifukwa chake mtsikanayo sanangothawa ndi bwenzi lake, komanso kuti imfa yakumapetoyo mlandu wake ndi wa ndani. Choyamba, siyanitsani zimene inu owonera mukudziwa ndi zimene iye akudziwa panthawiyo. Kamera imakulowetsani m'zipinda zonse, pomwe iye amangomva za pakhomo pake. Ambiri amamuweruza ndi nzeru zomwe analibe.

Kenako pezani pamene akanathabe kubwerera m'mbuyo, nthawi zambiri chapakati pa filimu, osati kumapeto. Onani zimene akanataya akanathawa: dzina la banja, azing'ono ake, pokhala, mwinanso moyo wa mnyamatayo. Mukaona wotsogolera filimu akuwaika awiriwo wina kuseri kwa zenera wina panja, kapena akujambula mtsikanayo yekha pagalasi atavala zovala zimene amusankhira makolo, akukuuzani kuti mpata wachepa kale.

Pa za mlandu, Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece wa maganizo ozama, ananena kuti m'sewero tsoka lokhudza mtima limagwera munthu yemwe si woipa, chifukwa cha kulakwitsa kwake. Ndiye funani cholakwa chomwe chinali m'manja mwawo. M'sewero la Shakespeare la Romeo and Juliet, kalata ya wansembe Friar Laurence yofotokoza kuti Juliet sanafedi sinafike kwa Romeo chifukwa wotumidwayo anatsekeredwa m'nyumba poopa mliri, koma kugula poizoni mwaphuma kunali kwa Romeo mwini. Udani wa mabanja unatchera msampha, phuma lake n'kuufwamphula. Filimu yomwe imapha okondana ndi ngozi yokha, iwo osasankhapo kanthu, ine ndimaiona kuti inalembedwa mwaulesi.