Ophunzira za uthenga wa pangozi: muyambe ndi kuwatulutsa m'kalasi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kuphunzitsa pa yunivesite ina ku Lilongwe. Apatsidwa ophunzira a chaka chachitatu, ndipo phunziro lake ndi la momwe boma, kampani kapena bungwe liyenera kuyankhulira ndi anthu kukagwa zadzidzidzi, komanso momwe tingachenjezere anthu ngozi isanafike. Chomwe chawasowetsa mtendere n'chakuti manotsi amene anawapeza ndi odzaza ndi zitsanzo za ku America. Funso lawo linali lakuti: "Ndiyambire pati kuti anawa akadzamaliza sukulu adzathe kuima pamaso pa anthu zinthu zitavuta?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Ine ndili kuno ku Kasungu, ndipo zaka zanga zambiri zathera m'misonkhano ya m'midzi ndi pa ntchito yofalitsa mauthenga. Maganizo anga ndi awa: mwana amene sanamvepo mmene munthu wamantha amafunsira funso sangathe kumuyankha, ngakhale atakhoza mayeso onse. Choncho muwaphunzitse kumva asanaphunzire kuyankhula.

Zitsanzo zakunjazo musazitaye. Nkhani ya mankhwala a Tylenol ya mu 1982, pomwe anthu 7 anafa ku Chicago atamwa makapisozi othiridwa poizoni, kampani ya Johnson & Johnson n'kuchotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni, ndi yothandiza. Muwapatsenso ganizo la Peter Sandman, katswiri wa ku America pa nkhani yochenjeza anthu za ngozi, lakuti chiopsezo chili pawiri: pali kuopsa kwa chinthucho, ndiye pali mantha ndi mkwiyo wa anthu. Zimenezi masabata awiri zakwana. Kenako bwerani kwathu.

Kwathu kuno ganizo la Sandman lidaoneka ndi maso mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika ku Blantyre. Panalibe wopopa magazi ndi mmodzi yemwe, koma anthu osalakwa anaphedwa, misewu inatsekedwa ndi magulu olondera usiku, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maderamo. Akuluakulu ankanena zoona kuti anamapopa kulibe. Koma mayi amene wagona panja ndi ana ake masiku anayi ukangomuuza kuti "zimenezo n'zabodza", chimene amamva n'chakuti ukumutenga ngati wopepera. Afunseni ophunzira anu kuti akanakhala mneneri wa polisi kapena wa khonsolo sabata imeneyo, mawu awo oyamba akanakhala otani. Ambiri adzayamba ndi kutsutsa. Muwabweze, ayambirenso, mpaka ataphunzira kuyamba ndi kuvomereza kuti anthu akuopa ndipo sakugona.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muikhalire pansi ndi ya njovu. Pakati pa chaka cha 2022, njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango ya Kasungu. Kwa osamalira zachilengedwe inali nkhani yosangalatsa, chifukwa njovu za m'nkhalango yathuyi zidachepa kwambiri kaamba ka opha nyama mozembera. Koma m'mbali mwa nkhalango muli midzi, kuno kwathu komanso tsidya la Zambia, ndipo si ponse pamene panali mpanda. Njovu zakhala zikutuluka, kudya chimanga m'minda, kugumula nkhokwe, ndipo anthu ena ataya miyoyo.

Nkhani imeneyi ili ndi zonse zimene phunziro lanu limafuna. Muli chiopsezo chimene chinkadziwika chisanachitike. Muli anthu awiri oona chinthu chimodzi mosiyana: wina akuona alendo odzaona nyama ndi ndalama zolowa m'dziko, wina akuona ekala ya chimanga imene anathira feteleza wangongole itaphwasuka usiku umodzi. Mulinso malire a dziko, kutanthauza kuti uthenga uyenera kumveka mbali zonse ziwiri. Atengeni ophunzirawo mupite nawo kwa Chulu, dera la m'mbali mwa nkhalangoyi, mukapemphe chilolezo kwa mafumu, anawo akakhale pamphasa osanyamula uthenga uliwonse. Ntchito yawo tsiku limenelo ikhale kulemba mafunso amene anthu akufunsa. Adzapeza kuti palibe amene akufunsa kuchuluka kwa njovu m'nkhalango. Mafunso ake ndi akuti: ikalowa m'munda pakati pa usiku ndiimbire ndani, ndipo abwera nthawi yanji? Ana apite kusukulu m'mamawa kapena adikire dzuwa likwere? Chimanga changa chapita, tidya chiyani? Akabwerera ku Lilongwe, aliyense alembe uthenga woyankha mafunso amenewo. Pamene alibe yankho anene poyera kuti alibe, asapeke.

Pali china chimene ndidachiona ndi maso anga nthawi ya kolera, mliri uja unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tsiku lina masana ndinali pa kamsika kena kuno, ndipo panadutsa galimoto ya bungwe lina itanyamula chimkuzamawu. Inkalengeza kuti tizimwa madzi otetezedwa ndi kusamba m'manja ndi sopo. Pafupi nane panali mayi atasenza chidebe cha madzi oderako, otunga kudambo, mwana ali kumsana. Mjigo wa m'mudzi mwawo unali utafa kwa miyezi. Anaima, kuyang'ana galimoto ija mpaka fumbi litatha, kenako anati, "Madzi akewo asiya pati?" Palibe chabodza chimene chimkuzamawu chija chinanena. Kungoti chinalamula chinthu chimene mayiyo sakanatha kuchita. Chikanati klorini akupezeka kwa alangizi a zaumoyo pamalo akuti, kapena kuti madzi akudambowo awiritseni kaye, kapena kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba mumwetseni Thanzi ORS muli m'njira yopita kuchipatala, mayi uja akanapita kwawo ndi chochita. Mpaka lero ndikamawerenga uthenga uliwonse ndimayamba ndadzifunsa ngati mayi ujayu angautsate.

Nkhani ina yoti akakangane m'kalasi ndi ya katemera wa Covid-19. Mu Meyi 2021 boma linatentha poyera katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene anali atapitirira masiku, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, ali pomwepo pa chipatala cha Kamuzu Central. Cholinga chinali choti anthu aone okha kuti sadzabayidwa katemera wotha ntchito. Ine ndimaona kuti anachita bwino, chifukwa pomwe pali kukayikira zooneka ndi maso zimaposa chikalata. Koma agaweni pawiri, ena aikire kumbuyo, ena atsutse.

Za mayeso, ndikupemphani chinthu chimodzi: asamangolemba Chingerezi. Ambiri mwa ana athu amatha kulemba chikalata cha atolankhani chosalala bwino, koma muwauze kuti anene zomwezo m'Chichewa kwa gogo wawo, lilime limamangika. Muwapatse nkhani yongoyerekeza, mwachitsanzo kuti ana asukulu yogonera komweko adwala atadya chakudya chamadzulo ndipo pa WhatsApp payamba kuyenda zoti wina wawathirira mankhwala. Muwapatse mphindi 30. Aliyense ajambule mawu pafoni, osapitirira mphindi imodzi, onena chimene chadziwika, chimene sichinadziwike, chimene makolo achite panopa, ndi nthawi imene adzamvenso zina. Kenako anzawo akhale makolo okwiya oimba foni pa wailesi. Mudzaona ena akubisala kuseri kwa mawu akuti "nkhaniyi tikuifufuza", ena akulonjeza zimene sangakwanitse pofuna kuti phokoso lithe. Awa achiwiriwa muwagwire msanga, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo mudzi umene unanamizidwa kamodzi sudzathawa tsiku limene mudzawauze zoona kuti madzi akubwera.

Muwadziwitsenso anthu amene adzagwire nawo ntchito: a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a zanyengo, makomiti a m'midzi oona za ngozi, alangizi a zaumoyo, abusa ndi mashehe, ndi mawailesi a m'madera monga Mudziwathu ya ku Mchinji. Ngati n'kotheka itanani mlangizi wa zaumoyo mmodzi adzayankhule m'kalasi mwanu, mum'patse ola lathunthu.

Ulendo wa kwa Chulu uja muukonze cha mu Malichi kapena Epulo, chimanga chitakhwima, chifukwa ndi nthawi imene abambo amachezera m'minda ndi moto ndi zitini zoopsezera njovu. Ophunzirawo anyamule nsapato zoyendera m'matope, ndipo mundilembere kukadali milungu iwiri kuti tikonze zokaonana ndi mafumu.