Anandisokoneza ndi wina, koma woimitsidwa ndinali ine

Achimwene, nkhani yanuyi yanditosa pabala. Mukuti munthu wa timu ina amakusokonezani dala mukamaponya pa bowling, masewera ogwetsa mapini khumi ndi mpira, ndiye mukufuna mumulalatire anthu onse akumva? Imvani kaye zanga.

Ndimasewera ligi ya Lachiwiri usiku kuno ku Johannesburg. Tsiku lina dzanja linangondivomera: masitiraiki 11 ondondozana, kugwetsa mapini onse ndi mpira umodzi ulendo uliwonse. Kunatsala mpira umodzi basi kuti ndifike pa 300, mapointi apamwamba kwambiri pa gemu imodzi. Holo yonse inangoti zii. A maleni oyandikana, tinjira toponyamo mpira, anaika mipira pansi, mpaka mayi wogulitsa zakumwa anasiya kauntala kudzaonerera. Manja thukuta lokhalokha, ndinawaumitsa pa kamphepo ka makina obweza mipira kawiri konse, mawondo akuombana. Ndaima, ndayang'ana muvi wachiwiri wojambulidwa pa leni wolozera poponya, ndanyamuka. Ndisanafike pamzere, mkulu wina wa leni ya kumanzere, amene timu yake tinkalimbirana nayo malo achiwiri, anangokwera n'kuponya mpira wake, phuu, pambali panga penipeni. Dzanja langa linadzidzimuka n'kukokera mpira mkati, unakagunda pini yakutsogolo pamphumi, mapini atatu n'kutsala ali chiimire. 297.

Ndani sadziwa kuti awiri a maleni oyandikana akakonzeka nthawi imodzi, wa kumanja ndiye amayamba? Mwana wa masabata awiri mu ligi amadziwa. Mkuluyu waponya zaka zoposa makumi awiri, ali ndi mipira isanu m'chikwama chamateyala, koma anandiyang'ana akumwetulira n'kuti sanandione. Sanandione bwanji holo yonse itaima chifukwa cha ine? Ufiti sikuuluka usiku kokha ayi. Ndinamenya theche makina obweza mipira, ndinamutukwana m'Chichewa mawu oti amayi anga atamva akhoza kundikana. Iye phee, manja m'thumba. Komiti inandiimitsa masabata awiri, iye sanamufunse ngakhale funso limodzi. Chala chachikulu chakuphazi chinatupa sabata yonse, ndinkapita kuntchito nditavala patapata.

Ndaona ena m'gulu muno mwaika kanema wa Pete Weber, katswiri wa ku America uja, akukuwa atapambana mpikisano waukulu wa US Open wa 2012, kuti nawonso akatswiri amatero. Inde amatero. Koma tsiku limenelo anali atagonjetsa Mike Fagan 215 kwa 214 ndi sitiraiki pa mpira womaliza, n'kutenga chikhocho kachisanu, kuposa bambo ake Dick Weber amene anachitenga kanayi. Wakuwa atapambana anthu amamuombera m'manja. Ine ndinakuwa ndili ndi 297. Ndipo Weber yemweyo bungwe la akatswiri a bowling la PBA linamuimitsapo miyezi 6 mu 2000 chifukwa cha khalidwe, zimenezo pa kanemayo sizioneka.

Yofanana kwambiri ndi yanuyi ndi ya botolo ija. Mu 2011 katswiri wina, Sean Rash, anakalipira Jason Belmonte, wa ku Australia woponya ndi manja awiri uja, pa wailesi ya kanema, pomuganizira kuti amachita dala phokoso ndi botolo la pulasitiki anzake akamakonzekera kuponya. Belmonte anakana kuti sankachita dala. Kaya ndani ankanena zoona, mawu otukwana amene anthu anatsala nawo m'makutu anali a Rash.

Ndiye inu musatsegule pakamwa muli pa leni. Akayamba zakezo, imani, bwererani, ikani mpira pansi, pukutani manja, yambiraninso. Palibe angakulangeni chifukwa chobwerera mpira usanachoke m'dzanja, ndipo aliyense amaona yekha amene wakubwezani. Ine ndikanangoima tsiku lija bwenzi tikukamba zina. Masewera akatha muuzeni kaputeni wanu akalankhule ndi kaputeni wawo, akapitiriza lembani kalata ku komiti, ndi tsiku lake ndi mboni.

Komabe ndisakunamizeni, komitiyo ine inandigwiritsa mwala, ndipo anthu ena sadziwa chilankhulo cha kalata. Mkulu uja chimutukwanireni sanayambenso wakwera ine ndili pa leni. Akangondiona ndikunyamula mpira amabwerera mpaka ku mipando. Ngati mwaganiza zomuuza zake, muuzeni panja poimika magalimoto, osati pomwe pali a komiti, ndipo musamenye makina, ndi olimba kuposa chala.

Chichitikireni zimenezo sindinadutsenso 268.