Akandilanda zonse, ndingatsale ndi iyi

Achimwene ena a ku Kamwendo ku Mchinji anditumizira imelo sabata yatha. Akuti apeza kamera yakale ya filimu m'sutikesi ya malume awo, ndipo mtima wawatenga. Funso lawo ndi ili: nditauzidwa kuti ndisankhe kamera imodzi, lenzi imodzi ndi filimu imodzi basi mpaka kalekale, ndingatenge ziti?

Achimwene, sindichedwa nazo. Kamera ya Pentax K1000, lenzi ya 50mm f/2 (nambala ya f imanena kukula kwa kabowo kolowera kuwala: ikachepa, kabowo kamakula), filimu ya Ilford HP5 Plus.

Kamerayi inayamba kupangidwa mu 1976 ndipo anaisiya mu 1997, choncho zilipo zambiri ndipo amisiri amaidziwa m'mimba mwake. Koma chimene ndimaikondera n'chakuti imajambula popanda batire. Kabatire ka LR44 kamene kali pansi pake ntchito yake n'kuyendetsa kasingano koyeza kuwala basi. Kakatha, shata, kachitseko kolowetsa kuwala pafilimu, imakhetchemulabe kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000. Ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina pachinkhoswe ku Santhe ndinali ndi kamera ina yodalira batire pa chilichonse, ndipo inazima anamwali akungoyamba kuvundukulidwa. Ndinayenda magolosale onse apamsika, batire ya mtundu umenewo osaipeza, mwini chinkhoswe akundiyang'ana ndi diso lofiira. Chenjezo limodzi lokha: kasingano ka K1000 kalibe pozimitsira, ndiye mukamaliza muzivundikira lenzi, apo ayi batire imadyeka kamera ili m'chikwama.

Za lenzi sinditaya nthawi. Ya 50mm imaona pafupifupi mmene diso limaonera, njotchipa, ndipo ikachepa mumayenda ndi miyendo. Njovu za ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu zimatuluka pachithunzi ngati nyerere, ndikuvomera. Ine sindijambula njovu.

Pamene pali nkhani ndi pafilimu. Anzanga amandiseka kuti bwanji kusiya Kodak Gold 200, nthaka yofiira ndi zitenje za amayi zikuitana mitundu chonchi? Zoona, ndimaisilira. Koma filimu ya mitundu imafuna mankhwala otsukira a C-41 otentha madigiri 38, osaphonya, ndipo kuno kuboma ndilibe poitsukira. Ina ndinaitumiza kwa otsuka ena mumzinda, ndinadikira mwezi wathunthu, nkhope zonse zinabwera zobiriwira ngati masamba a nkhwani. HP5 ndi yakuda ndi yoyera, ndimatsuka ndekha kunyumba. Usiku ndimazimitsa nyale, ndimalowa m'mabulangete awiri, n'kukulunga filimu m'kathanki mongopapasa. Mankhwala ndi Rodinal, amene anatulukiridwa mu 1891 ndipo botolo lake limakhala zaka osawonongeka. Gawo limodzi la mankhwala, magawo 50 a madzi, mphindi 11 pa madigiri 20. Vuto ndi madigiri 20 amenewo m'mwezi wa Okutobala, madzi a pamjigo akutuluka ofunda. Ndimawagoneka mumtsuko wa agogo pakhonde n'kutsuka mbandakucha, tambala asanatsike.

Ndiye pali kuwala. HP5 ndi ya ISO 400, kutanthauza kuti imagwira kuwala msanga. Padzuwa la masana ndimaika shata pa 1/500 ndi lenzi pa f/16, kasingano osakayang'ana n'komwe. Kenako ndimalowa m'chigafa cha fodya, mmene amayi akusoka masamba mumthunzi, ndimatsegula mpaka f/2.8, ndipo filimu yomweyo imagwira mitsempha ya tsamba ndi phula lakuda lomata kuzala. Chithunzi chimene ndimachikonda kuposa zonse ndinachijambula mmenemo, kufupi ndi Chinkhoma: dzanja la agogo ena likubaya singano pampakasa wa fodya, kuwala kukudontha paudzu wa denga. Nkhope zathu zakudazi kasingano kamatha kuzinamiza kumbuyo kukakhala kowala, ndiye ndimatsegulako lenzi sitepe imodzi kuposa mmene kakunenera. HP5 imapirira zimenezo, siipsa msanga.

Filimuyi imachokera ku Mobberley ku England, ndipo ine ndimachita kuitanitsa kwa abale akamachokera ku Johannesburg. Mpukutu umodzi zithunzi 36, ndiye chala chimaganiza kawiri chisanadinde.

Komabe achimwene, musanathamangire kugula K1000, simunandiuze dzina la kamera ya malumeyo. Itsegulenitu kumbuyo, muiloze kudzuwa, mudinde shata muone ngati ikutseguka. Muyang'anenso m'lenzi ngati mulibe nkhungu yonga ukonde wa kangaude. Ikakhala bwino, ndilembereninso mundiuze zolembedwa kutsogolo kwake.