Kachigayo ka khofi kapanireni m'thabwa

Achimwene, kuti kachigayo kanu ka khofi kopukusa pamanja kasiye kugwedera, pezani thabwa lochindikala, mubowole bowo lofanana ndi kunsi kwake, kenako thabwalo mulipanire m'mphepete mwa tebulo ndi chopanira cha akalipentala. M'bowomo mumatemo chidutswa cha chubu chakale cha njinga. Labalayo ndiye mwini ntchito. Mukamapukusa, kachigayo kamafuna kuzungulira limodzi ndi dzanja, makamaka khofi akakhala wosakazinga kwambiri, poti njere zake zimalimba. Kwanga nditangoika chubu, kuterereka kunatheratu, dzanja lamanzere n'kupumako.

Bowolo musalithinitse kwambiri ngati kabotolo kapansi kogweramo khofi wogayidwa ndi kagalasi, kangasweke. Ndipo ngati simunagwirepo makina obowolera bowo lalikulu chonchi, kalipentala akubowolereni, chifukwa makinawo akakodwa m'thabwa amapotokola mkono.